Kuwerenga Pakamwa pa Mawanga

Anabwera pa mthuthuthu kuchokera ku Chipata,
fumbi la msewu wa ku Chadiza lili m'nsidze.
Anati ndi Tiwonenji, mwana wa kwa Shawa,
ndipo akufuna kudziwa
kuti ng'ombe zanga zimadya zochuluka bwanji.

Ndinati zimadya mpaka dzuwa litapendeka.
Anati limenelo si yankho.

M'chikwama mwake munatuluka sikelo ya mbedza,
zenga, timatumba ta pepala,
ndi waya wopinda ngodya zinayi
ngati zenera losowa nyumba.
Amauponya kumbuyo osayang'ana,
pomwe wagwa n'kugwada,
n'kumweta zonse za m'katimo:
kapinga, tsekera wouma, chisoso chosochera,
ngakhale kaminga kamene Mawanga sanakanunkhizepo chibadwire.
M'mawa ayeza, ng'ombe zisanalowe.
Madzulo ayezanso.
Chasowa pakatipo, akuti, ndicho chapita m'mimba.
Ndinafunsa za chiswe ndi ziwala,
ngati nazonso zili ndi tsamba lawo m'bukumo.
Anaseka, koma analemba.

Ine anandipatsa wotchi ndi Mawanga.
Mphindi khumi, maso pakamwa, osaphethira.
Lilime lizinga, mutu ukoka: budu.
Budu. Budu.
Aponda kawiri. Budu.
Ntchentche pamphuno yanga, sindiiingitsa,
kuopa kutaya makumi anayi ndi kasanu.
Zaka zonsezi ndakhala kumbuyo kwa michira,
sindinaimepo kutsogolo chonchi.
Ndinaona kuti amasankha
ngati mayi pa mulu wa salaula ku Kapata:
atembenuza, anunkhiza, asiya,
atenga kansonga kokha kobisala pansi pa phesi.

Ndowe nazo tinatola, zikadali zofunda,
kuziika m'chidebe, kuzipachika pa mbedza.
Ana ochokera kusukulu anaima pachulu:
A Mshanga ayamba malonda!
Kakowa yekha ndiye sanatiseke.

Sabata yachitatu anabwera nkhope ili gwa.
Udzu uja anauumitsa mu uvuni kuntchito kwawo,
thumba lodzaza linabwerako lopepuka ngati chisa cha timba.
Anati, A Mshanga, masamu akukana.
Dambo ili, mwezi uno wa Okutobala,
silingasunge linunda ngati ili.
Zinzake nthiti zikuwerengeka muli kumsewu,
koma uyu zotuluka zikuposa zolowa.
Akudya kuti?

Ndinayang'ana phiri.
Ndinayang'ana zala za kumapazi anga.
Ndinatchula nyemba za msangu zimene zimagwa usiku,
ndi zotsalira za nshawa zimene amake Dalitso anaunjika padenga.
Anazipachika pa mbedza, anachotsera, anaphatikiza.
Anati zikutsalabe.

Ndiye mbandakucha tinamutsata.
Anatuluka m'khola ngati wopita kutchalitchi,
osacheuka, osabudula kanthu panjira,
mpaka kuseri kwa dimba la a Mvula,
pomwe mpanda unagona kalekale
ndipo ine ndinkadutsa maso ali kumwamba.
Mpiru. Kabichi wongoyamba kumanga.
Budu, budu, budu,
ndipo pakamwa panga, posazifuna,
panali patayamba kale kuwerenga.

Tiwonenji anatsegula buku, pensulo ili m'mwamba.
Anandifunsa kuti alembe chiyani.
Ndinati lembani kuti ng'ombe ilibe mlandu,
mlandu uli ndi mwini maso.

Tsiku lomwelo ndinadula mitengo isanu ndi umodzi ndi luzi.
A Mvula anabwereka sikelo ija
kuti ayeze chimene ndidzalipire.
Inali yoona kwa iwo monga inalili kwa ine.

Iye anapita mvula isanagwe.
Anandisiyira pepala lonena makilo a mapesi
oti ndisunge chaka chamawa, ng'ombe iliyonse payokha,
ndipo ndalitsomeka kudenga, pamene sipadontha.
M'dambo munatsala timabala ta ngodya zinayi,
tometedwa mpala, apa ndi apo.
Mvula yoyamba itagwa, ndi tomwe tinayamba kubiriwira.
Mawanga anatipeza tonse, kamodzikamodzi,
wopanda buku.